Sikirini Yachinayi

8 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mdzukulu wanu ndi azakhali. Ine ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chapita. Mwati pafoni mawu anga sakumvekanso m'makutu mwanu, ndiye ndabwerera ku cholembera. Oyendetsa basi aja avomera kumanyamula makalata. M'chikwama muli nsapato za mwana, bulangete lanu ndi mabatire a tochi. Kangachepe ka mwezi uno ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Kuno zinthu zikungokwera mtengo, ndi sopo yemwe.

Mwafunsa kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani, popeza mwana wa wokonza mawailesi sangamangoti "za makompyuta" basi. Ndikufotokozereni.

Kampani yathu imasungira anthu nyama ndi nsomba m'zipinda zinayi zikuluzikulu zozizira. Chachitatu ndi chachinayi ndiye zoopsa, ukalowamo tsitsi la m'mphuno limauma. Muli katundu wodikira miyezi, moti zimatsegulidwa kamodzi kapena kawiri pa sabata. Chipinda chilichonse chili ndi kamera, kuti munthu akagwa kapena chitseko chikamutsekera aonedwe msanga. Pafupi ndi geti pali kachipinda ka alonda. M'menemo muli kompyuta imodzi ndi masikirini anayi ondandalikidwa pakhoma, iliyonse ikuonetsa chipinda chake. Pansi pa sikirini iliyonse anamatapo kapepala ka nambala.

Kuti kompyuta imodzi idyetse masikirini anayi pamafunika khadi ya zithunzi. Ndi kabolodi kotalika ngati phazi la munthu wamkulu, kokhala ndi fani ndi mabowo anayi olowetsamo zingwe. Khadiyo payokha ndi bubu. Imafuna pulogalamu yoiyankhulitsa ndi kompyuta, imene amaitcha dalaiva. Ukaika dalaiva watsopano, kompyuta imaiwala kuti sikirini iti ili pati. Ndiye pali batani limene ukadina, nambala yaikulu imatuluka pa sikirini iliyonse, 1, 2, 3, 4. Pamenepo umaiuza kuti masikirini atambasuke, iliyonse ionetse zake, osati azibwereza chithunzi chimodzi.

Khadi yathu yakalamba, ndipo sikirini yachiwiri imangophethira. Mlonda wamasana ndi bambo wachikulire amene aliyense amawatcha a Chipewa, chifukwa savula chipewa ngakhale m'kachipindamo. Akhala pampando umenewo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amanditcha Injiniya pondiseleula. Dzulo amati sikiriniyo ikuwatsinzinira diso ngati ikuwafuna, ndipo ndikapanda kuikonza banja lawo likatha mlandu ndi wanga.

Khadi yatsopano yafika, koma mkulu wanga wa makompyuta akupita kutchuthi, ndipo wati ndidzaike ndekha. Ndamuonerapo kawiri, koma manja anga sanaikepo. Sindinakane. Pemiti yanga yogwirira ntchito m'dziko lino itha mu Meyi, ndipo kalata yopempha kuti aiwonjezere imalembedwa ndi kampani. Munthu wa mapepala oterewa sanena kuti sindingathe.

Sutikesi ya mayi ake a mwana musaitsegule. Ndikudziwa azakhali akunena zoona kuti zovala zikungoonongeka, koma dikirani ndidzabwere.

Ndine mwana wanu.

22 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji ndi mwendo uja? Ine ndili bwino. Zikomo popita ndi mwana kumanda. Simunalembe kuti iye ananena chiyani kumeneko. Ngati anafunsa kanthu mundiuze, ngakhale kakhale kopweteka.

Khadi ija ndaika dzana, Lachisanu. Tsikulo inu mukulidziwa, chaka chakwana chimwalirireni mayi ake a mwana. Ndinkalakalaka likanakhala tsiku lina, koma anasankha ndi akapitawo, chifukwa Lachisanu masana malole amachepa. Anandipatsa theka la ola. Anatulutsa anthu onse m'zipinda nkukhoma, popeza nthawi imeneyo palibe diso lowayang'anira.

Ndinachita monga ndinalembera pakapepala. Ndinafufuta dalaiva wakale, nkuzimitsa kompyuta, nkuzula chingwe cha magetsi. Ndinagwira kaye chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asakaphe khadi. Yakaleyo inatuluka ndi fumbi ngati thonje. Yatsopanoyo ndinaikanikiza mpaka inalira kuti tha, nkumanga sikulu, nkulowetsa zingwe zinayi. Nditayatsa, inayaka sikirini imodzi yokha, zilembo zili zikuluzikulu zosaoneka bwino. Mkulu wanga anandiuziratu kuti zimatero dalaiva asanalowe.

Dalaivayo anatenga nthawi kulowa. Ali pakati, nayo sikirini imodziyo inathima, khoma lonse bii. A Chipewa anati aka nkoyamba kuona munthu akupha anayi pofuna kuchiritsa mmodzi, ndipo anafunsa ngati satifiketi yanga ndinaigula pamsika womwe iwo anagula chipewa. Ndinayesa kuseka. Nthawi yomweyo lole ina inafika msanga nkuyamba kuliza hutala pageti. Akapitawo anaima pakhomo akugogoda wotchi yawo ndi chala.

Nditazimitsa nkuyatsanso, onse anayi anayaka. Ndinatsegula pulogalamu ya makamera, ndipo zipinda zinatuluka: makoma oyera, mashelefu, mabokosi. Sikirini yachiwiri ija inali phee, osaphethira. Akapitawo anati basi zatheka, nditole zida zanga anthu agwire ntchito. Batani la manambala lija sindinadine. Nthawi inali itatha, komanso sikirini iliyonse inali ndi chithunzi, ndiye ndinaona ngati palibe chofufuzanso.

A Chipewa anandithirira tiyi wa m'fulasiki mwawo, shuga wochita kunyung'unya mano, nkuti kuyambira lero Uinjiniya uja wakhala weniweni. Nditamwa ndinapita kuseri kwa mapaleti osanjikapo katundu nkukhalako kanthawi ndekha. Sichinali chifukwa cha khadi.

Mwana akamapita kusukulu asamadutsire kumsewu waukulu. Malata a kukhitchini aja dikirani mwezi wamawa, musakwerepo nokha.

Ndine mwana wanu.

1 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Thupi ndili bwino, tulo tokha ndi tomwe tikuvuta. Kalatayi ikhala yaifupi.

Kuntchito kwachitika ngozi. Lolemba masana, bambo wina wa m'gulu la onyamula katundu, amene timawatcha a Likhweru chifukwa sayenda osaimba likhweru, analowa okha m'chipinda chachinayi kukatenga mabokosi a nsomba. Anaterereka, mulu wa mabokosi nkuwagwera pamwendo. Wailesi yawo ya m'manja inagwera patali. Anzawo ankaganiza kuti apita kukadya. Anagona pamenepo kupitirira ola, mpaka mnzawo wina anadabwa kuti bwanji pabwalo pali zii chonchi, nkuyamba kuwafunafuna.

Ndinawaona akuwatulutsa. Nsidze zinali zoyera, milomo yakuda. Anali moyo. Ali m'chipatala, ndipo tikumva kuti mwendo wathyoka pawiri. Za zala sakunena bwinobwino.

A Chipewa ndiwo anali pampando. Akulumbira kuti maso awo sanachoke pakhoma, ndipo m'chipinda chachinayi munalibe munthu. Koma makamera amatumizanso zithunzi ku makina ena osungira, amene ali ku ofesi ya abwana. Atabwezeretsa zithunzizo, zonse zinaoneka: a Likhweru akugwa, akukweza dzanja kuloza kamera, akulitsitsa, akulikwezanso. Abwana anati chinthu choonekera chotere munthu wosagona sangachiphonye. A Chipewa awaimitsa ntchito mpaka mlandu udzakambidwe. Akapezeka olakwa achoka chimanjamanja, zaka zonse zija kupita pachabe. Kwatsala chaka chimodzi kuti apume.

Potuluka pageti anandipatsa fulasiki yawo kuti ndiwasungire, akuti abwera posachedwa.

Pali china, koma lero cholembera chikukana. Musadere nkhawa. Mwana musamuuze za ngoziyi, angamaganize kuti nanenso ndimalowa m'menemo.

Ndine mwana wanu.

15 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndalandira yanu. Ndakondwa kuti nsapato zamukwana, ndi kuti mwendo wanu ukulola kuyenda mpaka kugolosale. Ine ndilipo. Kalata iyi muwerenge nokha, azakhali asakuwerengereni, ndipo mukatha muiike pamene mwana safika.

Mwafunsa kuti china chija nchiyani. Ndi ichi.

Lachiwiri m'mawa, ngozi itachitika dzulo lake, ndinalowa m'kachipinda ka alonda. Mlonda wogwirizira anatuluka kukatsegulira lole, ine nkutsala ndekha. Ndinayang'ana sikirini yachitatu ndi yachinayi. Pansi, pafupi ndi shelefu, panali kachidutswa ka tepi yomangira mabokosi, kopindika. Kanali pa yachitatu. Kanalinso pa yachinayi, malo omwewo, kupindika komweko. Komanso m'chipinda chachinayi munayenera kukhala mabokosi omwazika, popeza abwana analamula kuti asakhudzidwe. Pa sikirini panalibe.

Ndinadina batani la manambala. Yoyamba inaonetsa 1, yachiwiri 2. Yachitatu inaonetsa 3 ndi 4 pamodzi, yachinayi chimodzimodzi. Dalaiva watsopano uja anazimanga ziwirizo kuti zizibwerezana. Kuyambira Lachisanu, sikirini yachinayi inkaonetsa chipinda chachitatu. Chithunzi cha chipinda chachinayi chinasowa pokhala, nkukabisala kuseri kwa chithunzi cha chipinda choyamba. Zipinda ziwirizo zimafanana ngati mapasa, ndipo masiku atatu amenewo m'chachitatu simunalowe munthu woti aonekere pawiri. Aliyense ankakhulupirira kapepala komata kaja.

A Chipewa sananame, Bambo. Ankayang'anadi, koma ndinawapatsa chipinda cholakwika choti aziyang'ana.

Chimene ndinachita kenako ndi chimene chikundilanda tulo. Ndinamva geti likutsekedwa. Dzanja linapita lokha pa mausi. Ndinasankha kutambasula, nkukokera chithunzi cha chipinda chachinayi pamalo pake. Mabokosi omwazika aja anatuluka pakhoma. Sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Mlonda polowa anandipeza ndikupukuta fumbi pa tebulo.

Ndikhoza kunena kuti ndinayenera kukonza, popeza anthu akanalowanso m'menemo. Zimenezo nzoona. Koma ndinayeneranso kuitana munthu aone ndisanakonze, ndipo sindinaitane.

Lachitatu anamuitanitsa mkulu wanga kutchuthi kuti adzayeze makina. Anadina batani lomwelo, manambala nkutuluka bwinobwino, 1, 2, 3, 4. Analemba kuti makina alibe vuto, nkusaina. Anandisisita paphewa kuti ndinagwira ntchito yaukhondo.

Tsopano ndikamva mapazi kumbuyo kwanga m'khonde ndimaona ngati abwera kudzanditenga. Foni ya mu ofesi ikalira, ndimadikira wina ayankhe. Ndikaulula, pemiti yapita, mwinanso apolisi alowererapo, ndipo sindikudziwa kuti mlendo amamutani pa mlandu wotere. Mwana wataya kale mayi. Sukulu yake, mankhwala anu, denga lija, zonse zili pa mapepala amenewa. Ndikakhala chete, a Chipewa apita.

Sindikupempha kuti mundiuze chochita. Ndimangofuna munthu mmodzi adziwe.

Ndine mwana wanu.

5 Epulo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndachepako thupi, lamba ndabowola bowo lina, koma sindikudwala. M'chikwama muli makope, juzi ya mwana ndi mafuta opaka mwendo. Malata gulani tsopano mitengo isanasinthenso, ndipo akhome ndi mmisiri, osati inu.

Kalata yanu ndaiwerenga kambirimbiri. Masamba awiri onse munalemba za denga ndi za mayeso a mwana. Pansi penipeni, mutasaina kale, ndi pamene munawonjezera kuti wailesi ikabwerera kwa inu yosalira simunkanena kuti mwini wake ndi gonthi. Ndamva, Bambo. Koma inu munkakonzera pakhonde panu, palibe amene akanakukwezani basi kukutulutsani m'dziko.

Ndinapita kuchipatala ndi anzanga awiri. Chichokereni m'wodi imene anagona mayi ake a mwana sindinalowemonso m'chipatala, ndipo fungo lake linandiimitsa kaye pakhomo. A Likhweru awadula zala zitatu za dzanja lamanzere ndi ziwiri za kuphazi. Akazi awo anali pa benchi akusenda lalanje. Iwo amayesa nthabwala, akuti tsopano magolovesi azigula theka. Kenako anatifotokozera kuti ankayang'ana kamera ija nkumaimba likhweru kuti asagone, mpaka milomo inakana. Akuti nthawi yonseyo ankadziuza kuti madala aja aona tsopano, aona tsopano. Anawatchula a Chipewa mawu amene sindingalembe. Ine ndinkayang'ana matailosi.

Lachinayi ndinakumana ndi a Chipewa pa siteji ya basi. Anabwera kudzatenga kalata ya tsiku la mlandu. Avala magalasi atsopano. Akuti anapita kukayezetsa maso, dokotala nkunena kuti maso ali bwino poyerekeza ndi zaka zawo, koma iwo anakakamira kuti awapatsebe. Akuti akazi awo amawapeza atakhala pabalaza akuyang'ana khoma. Sanaseleule ngati kale. Basi itayandikira anandigwira mkono.

"Injiniya, iwe umadziwa m'mimba mwa makina aja. Sangamunamize munthu?"

Ndinati makina amaonetsa zimene apatsidwa. Anagwedeza mutu nkunena kuti ndiye kuti ndi ukalamba, mwina anasinzadi osadziwa. Anandithokoza, nkukwera.

Mlandu uli pa 21. Andiuza kuti ndikaime ngati mboni, ndikanene kuti masikirini ankagwira ntchito. Kalata ya pemiti yanga yalembedwa kale. Ndinaiona m'thireyi pa tebulo la mayi wa ofesi ya antchito, ikungodikira siginecha ya abwana. Mayiwo anati abwana adzasaina nkhani ya ngoziyi ikadzatha.

Fulasiki ija idakali m'kabati mwanga. Ndinaiwala kuwapatsa, kapena ndinene kuti ndinaopa.

Ndine mwana wanu.

26 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa azakhali. Ndili moyo. Mlandu unakambidwa Lachiwiri m'mawa, m'chipinda chodyeramo, atasuntha matebulo.

Panali abwana, mayi wa ofesi ya antchito akulemba, akapitawo, mkulu wanga, ndi bambo wina wa bungwe la antchito woimira a Chipewa. Anaonetsanso zithunzi zija, dzanja likukwera ndi kutsika. A Chipewa anakhala pampando wapakati, chipewa chili pamaondo. Kanali koyamba kuona mutu wawo. Ndi waung'ono, wa imvi zokhazokha.

Ndinalowa ndisanadziwe chimene ndikanene. Abwana anandifunsa ngati sikirini yachinayi inkagwira ntchito tsiku la ngozi. Ndinati inkayaka. Mayi aja analemba. Palibe anafunsanso china, ndipo anati ndikhoza kukhala pansi. Ndinakhala, ndikudziuza kuti sindinaname.

Kenako anapatsa a Chipewa mpata. Woimira uja anafuna kuyankhula, koma iwo anamuletsa ndi dzanja. Anati sakumbukira kugona, koma popeza makina sanama ndipo mwana uyu ndi wachilungamo, ndiye kuti anagonadi. Anapepesa kwa a Likhweru ndi kwa ana awo. Anapempha cholembera kuti asaine pepala lovomera, nkuyamba kusakasaka magalasi m'thumba.

Ndinangopezeka ndaimirira. Ndinapempha kuti tonse tipite kukachipinda ka alonda. Abwana anati tilibe nthawi ya masewera, koma woimira uja anaumirira.

Tinadzazana m'menemo. Ndinauza onse ayang'ane kunja kwa zenera, ndipo ndinabwezera masikirini mmene analili Lachisanu lija. Atacheuka, khoma linali monga amalidziwira. Ndinapempha akapitawo avale jekete alowe m'chipinda chachinayi ndi wailesi ya m'manja. Tinadikira tikuyang'ana sikirini yachinayi. Makoma oyera, mashelefu, mabokosi. Wailesi inalira, akapitawo akufunsa ngati tikuwaona. Abwana anawauza kuti asiye kuzengereza, alowe.

"Ndalowa kalekale, bwana. Ndili pansi pa kamera penipeni, ndikuvina kuno."

Palibe anaseka. Ndinadina batani, manambala awiri aja nkutuluka pamodzi. Ndinafotokoza za Lachisanu. Mkulu wanga anati sizingatheke, iye anayeza yekha Lachitatu nkupeza zili bwino. Apo ndinanenanso za Lachiwiri m'mawa. Mawu ankatuluka ang'onoang'ono, moti mayi aja anandiuza kawiri kuti ndikweze.

Nditamaliza ndinakonzanso masikirini, akapitawo nkuonekera ali chiimire, manja m'khwapa. A Chipewa anavala chipewa chawo. Anandiyang'ana.

"Pa siteji paja ndinakufunsa," anatero, nkutuluka.

Andiimitsa ntchito mpaka adzagamule. Anandilanda makiyi ndi chitupa cha pageti, mlonda wogwirizira nkundiperekeza mpaka kumsewu. Ndimakhala m'chipinda mwanga tsiku lonse. Galimoto ikaima panja ndimasuzumira pakatani. Ndalongedza chikwama chimodzi, mapepala onse ali pamwamba, kuti akabwera ndisawachedwetse. Mukapanda kumva kwa ine milungu iwiri, funsani oyendetsa basi aja, ndawapatsa nambala ya mwini nyumba.

Ndine mwana wanu.

17 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani pokusowetsani mtendere, oyendetsa basi andiuza kuti mwakhala mukupita ku depoti Loweruka lililonse. Ine ndili bwino. Apolisi sanabwere.

Chigamulo chinatuluka pa 8. A Chipewa abwerera pampando, zaka zawo zonse zili zosakhudzidwa. Akapitawo ndi mkulu wanga alandira makalata a chenjezo. Ine ntchito yatha. Abwana anati za Lachisanu akanandikhululukira, popeza anandisiya ndekha nkundithamangitsanso, koma za Lachiwiri alibe pozisunga. Sindinatsutse. Kalata ya pemiti ija sinasainidwe, ndiye pofika pa 29 ndikhale nditatuluka m'dziko.

Ndinapita kwa a Likhweru kukawauza ndekha asanamve kwa ena, koma anali atamva kale. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kukhoma. Akazi awo anandiperekeza pakhomo nkunena mwaulemu kuti ndisadzabwerenso. Sindikuwaimba mlandu.

Ndinyamuka pa 27, ndidzafika Lachisanu masana basi ikapanda kufa panjira. Musabwere ku depoti ndi mwendo umenewo. Katundu ndi wochepa: zikwama ziwiri ndi bokosi la zida. Chimene ndidzachite kumeneko sindikuchidziwa. Mwana mumuuze kuti ndikubwera. Chifukwa chake ndidzamuuza ndekha akadzafunsa.

Anandiitana masiku atatu kuti ndisiyire mkulu wanga zonse m'manja. Akhazikitsa lamulo latsopano: m'mawa uliwonse munthu azilowa m'chipinda chilichonse, aime pansi pa kamera atakweza dzanja, ndipo asatuluke mpaka mlonda anene pa wailesi kuti wamuona. Tsiku langa lomaliza ndinapempha kuti ndilowe ine. M'zipinda zitatu zoyamba a Chipewa sanayankhule, ankangodina wailesi kawiri kuti ilire, ine nkutuluka.

M'chachinayi ndinaima malo omwe aja, pafupi ndi shelefu, nkukweza dzanja. Wailesi inali zii. Mpweya wanga unkaundana pa kolala. Zala zinayamba kuluma, kenako zinasiya kumveka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina chingwe china chazuka, mwina sakundiona, ndipo chitseko chinaoneka kutali kwambiri. Dzanja sindinatsitse. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, mwina mphindi ziwiri zokha.

Kenako wailesi inakhosomola.

"Chachinayi, ndakuona. Ndakuona kuyambira pamene unalowa. Tsitsa dzanja, tuluka."

Ndinatuluka.

Ndine mwana wanu.